N'chifukwa chiyani amene anabwera kudzapulumutsa moyo akufunsidwa ngati wopalamula?

Nasibeko83
Ndikupempha amene mumadziwa za milandu kuti mundithandize kumvetsa, chifukwa mtima wanga sunakhazikike chichokereni kukhoti. Mchimwene wanga anaphedwa m'nyumba mwake zaka ziwiri zapitazo, ndipo mlandu wa amene akumuganizira wayamba kuzengedwa sabata yatha. Ndinkayembekezera kumva za mpeni, za mkangano umene unalipo, ndi za kumene woganiziridwayo anali usiku umenewo. M'malo mwake masiku awiri athunthu athera pa wapolisi amene anafika koyamba ndi mayi wa pa ambulansi. Loya wa woimbidwa mlandu anawafunsa kuti analowera khomo liti, magolovesi anavala nthawi yanji, anasuntha mpando ndani, magetsi anali oyaka kapena ozima, ndipo malaya a malemu anadula ndani. Mayiyu anagwada m'magazi mphindi zoposa 20 akukankha pachifuwa pa mchimwene wanga kuti mtima uyambenso kugunda, koma anatsika m'bokosi la mboni akunjenjemera ngati wakupha ndi iwowo. Kodi zimenezi n'zololedwa? Nanga mlandu ungafe chifukwa cha mpando umene unasunthidwa pofuna kupulumutsa munthu?

WapolisiWopuma
Pepani kwambiri, mayi, ndi imfa ya achimwene anu. Ndinagwira ntchito ya upolisi zaka 27, ndipo m'bokosi limenelo ndinaimamo kambirimbiri, choncho kunjenjemera kumene mukunenako ndikukudziwa. Mafunso amenewo ndi ololedwa, ndipo amafunsidwa pafupifupi pa mlandu uliwonse wakupha, chifukwa woweruza chipindacho sanachione. Ofufuza milandu, wojambula zithunzi ndi dokotala woyeza mtembo, onsewo amafika zinthu zitasintha kale. Amene anaona chipindacho chili pafupi ndi momwe wakuphayo anachisiyira ndi munthu amene analowa koyamba, ndiye chilichonse chimene boma lidzanene pambuyo pake chimatsamira pa mawu ake. Chithunzi chikaonetsa mpando uli chigwere, boma lingathe kunena kuti panali kulimbana. Koma ngati anaugwetsa ndi a ambulansi polowetsa machira, ndiye kuti za kulimbanazo chithunzicho sichikuikira umboni, ndipo woweruza ayenera kudziwa zimenezi asanatumize munthu kundende moyo wake wonse.

Pa funso lanu lachiwiri, mlandu sufa chifukwa mpando unasunthidwa. Tinkaphunzitsidwa kuti choyamba ndi moyo wa munthu, umboni umabwera pambuyo. Chimene chimafooketsa mlandu ndi mpando umene unasunthidwa popanda wolemba kuti wasunthidwa, kapena mboni yokana kuti sinaukhudze pamene zidindo za zala zake zili pomwepo.

ChilungamoBasi
Ndi ulemu wonse, bambo, inu mukuikira kumbuyo maloya. Munthu wafa, banja likulira, ndipo wina akulipidwa kuti asokoneze mutu wa mayi amene anachita zachifundo. Kumeneku n'kufunafuna kabowo kotulukira chigawenga.

MlembiWaMalamulo
A ChilungamoBasi, ululu wa banja ndikuumva, koma munthu amene ali pa mlanduyo sanapezeke wolakwa, ndipo udindo wotsimikizira khoti kuti ndiye anapha uli pa boma. Boma likabweretsa dontho la magazi n'kunena kuti linapezeka pansi pa nsapato ya woimbidwa mlandu, liyenera kuonetsanso kuti dontholo silinafikepo kudzera m'manja mwa wapolisi amene anagwira mtembo kenako n'kugwira nsapatoyo. Loya amene sangafunse zimenezi ndiye kuti wataya ntchito yake. Chimene sichiloledwa ndi kunyoza mboni kapena kubwereza funso lomwelo pofuna kuitopetsa, ndipo apo woimira boma amadzuka n'kutsutsa, kapena woweruza amaletsa yekha. Komanso loya wa woimbidwa mlandu akamaliza, woimira boma amapatsidwa mpata wofunsanso mboni yake kuti iwongole pamene panasokonekera.

WaAmbulansi
Ine ndimagwira ntchito yomwe amagwira mayi aja, ndipo ndifotokoze zimene zimachitika m'chipinda chotero. Ukalowa suona mpando, suona zenera, umangoona chifuwa kuti chikukwera kapena ayi. Umataya chikwama pansi pamene pali malo, mwina pamagazi pomwepo. Umakoka munthu kumuchotsa pakona kuti agone chagada pamalo olimba, umang'amba mapaketi, umadula zovala. Pochoka, pansi pamakhala mapepala athu, magolovesi athu ndi mapazi athu. Palibe njira yothandizira munthu wobayidwa popanda kusintha malowo.

Komabe pali zochepa zimene tingathe kuchita popanda kumuchedwetsera wodwala chithandizo. Podula malaya sitidula kudzera pabowo pamene palowa mpeni kapena chipolopolo, timalambalala, chifukwa bowolo limasonyeza kukula kwa mpeni, ndipo utsi wa wonga wotsalira m'mbali mwake umathandiza kudziwa kuti mfuti inali patali bwanji. Timalowa ndi kutuluka njira imodzi. Zovala zimene tadula sitiziponya m'bini, timapereka kwa wapolisi. Ndipo tikangomaliza, tisanacheze ndi wina aliyense za zimene taona, timalemba pa fomu nthawi imene tinafika, momwe tinamupezera munthuyo, ndi chilichonse chimene tinasuntha. Ndinaitanidwapo kukhoti patapita zaka zitatu. Nkhope ya malemu ndinkaikumbukira bwino, koma atandifunsa ngati chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, m'mutu munalibe kanthu. Inandithandiza ndi fomu yanga, pamene ndinalemba usiku womwewo kuti chitseko tinachipeza chotseka ndipo anatsegula ndi mnzanga.

Namaseko
Kodi mboni imaloledwa kuwerenga zimene inalemba ili m'bokosi? Ndimaona ngati iyenera kunena zapamtima.

MlembiWaMalamulo
Imaloledwa kudzikumbutsa khoti likavomera, makamaka ngati inalemba yokha zinthu zikadali zatsopano m'maganizo. Koma ikatero, loya wa mbali inayo amaonanso pepalalo ndipo angathe kufunsa pa chilichonse chimene chalembedwapo kapena chimene chikusowapo.

WaLabotale
Ndionjezere pa nkhani ya magolovesi, poti a Nasibeko83 anaitchula. Edmond Locard, amene anatsegula labotale ya apolisi ku Lyon m'dziko la France mu 1910, anaphunzitsa kuti zinthu ziwiri zikakhudzana, chilichonse chimasiya kanthu pa chinzake. Anthu ambiri amamva mfundoyi ngati ikunena za wakupha yekha, chonsecho imakhudzanso aliyense amene walowa pamalopo. Masiku ano makina oyezera DNA, chizindikiro cha chibadwa chopezeka m'maselo a munthu, amatha kuwerenga timaselo tochepa kwambiri ta pakhungu, ndiye vutoli lakula kuposa kale.

Mu November 2012 ku Monte Sereno, m'chigawo cha California, munthu wina wachuma anaphedwa m'nyumba mwake, ndipo pa zikhadabo zake panapezeka DNA ya Lukis Anderson, munthu wosowa pokhala. Anderson anakhala m'ndende miyezi pafupifupi isanu akuyembekezera mlandu wakupha. Kenako zinadziwika kuti usiku wa chiwembucho iye anali atagonekedwa m'chipatala ataledzera mpaka kukomoka, ndipo a ambulansi amene anamunyamula ndi omwewo amene anapita kunyumba ya malemu patapita maola ochepa. DNA yake inayenda ndi iwowo, mwina pa zovala kapena pa zipangizo zawo. Palibe amene ananama, palibenso amene anali ndi cholinga choipa. Pakanapanda umboni wakuti anali m'chipatala, munthu wosalakwa akanatha kupezeka wolakwa.

Ku Germany apolisi anasakasaka kwa zaka zambiri mayi wina amene DNA yake inkapezeka pa milandu pafupifupi 40, kuphatikizapo kuphedwa kwa wapolisi ku Heilbronn mu 2007. Mu 2009 anazindikira kuti DNA imeneyo inali ya wantchito wa pa fakitale imene inkakonza timitengo ta thonje totolera umboni. N'chifukwa chake timaumirira kuti wotola umboni asinthe magolovesi akamachoka pa chinthu china kupita pa china, kuti chilichonse chikhale m'thumba lakelake lomata, ndi kuti aliyense amene walandira thumbalo asaine dzina, tsiku ndi nthawi. Chovala chonyowa ndi magazi chiyenera kuuma n'kuikidwa m'thumba la pepala, chifukwa m'pulasitiki chimachita nkhungu ndipo DNA imaonongeka.

ChilungamoBasi
Zitsanzo zanu ndazimva, ndipo za Anderson zandikhudza. Koma nanenso ndili nacho changa. O. J. Simpson anamasulidwa pa 3 October 1995 magazi ali paliponse, chifukwa maloya anatembenuza mlandu kuti ukhale wa apolisi. Kodi mabanja a anthu awiri amene ankaimbidwa mlandu wowapha aja anathandizidwa chiyani ndi mafunso a magolovesi?

MlembiWaMalamulo
Mlandu umenewo ndi woyenera kuutchula, koma tiyeni tione amene anapatsa maloya zida. Apolisi a ku Los Angeles anatenga bulangete m'nyumba ya Nicole Brown Simpson, mkazi wakale wa Simpson amene anali mmodzi wa ophedwawo, n'kufunditsa mtembo wake, ndipo kuyambira pamenepo tsitsi kapena ulusi uliwonse wopezeka pathupi pake ukanatha kunenedwa kuti unachokera ku bulangetelo. Wofufuza Philip Vannatter anayenda maola angapo ndi kabotolo ka magazi amene anatengedwa kwa Simpson, mpaka kukafika nako kunyumba ya woganiziridwayo, m'malo mokakalembetsa nthawi yomweyo. Magazi a pa geti la kumbuyo anatoledwa patapita milungu itatu. Dennis Fung, amene ankatola umboni, anakhala m'bokosi la mboni masiku 9 akuyankha za zinthu zimenezi. Maloya sanazipeke, anazipeza zili choncho. Panalinso nkhani ya tsankho la mmodzi wa ofufuza, imene inaononga chikhulupiriro cha a jury, anthu wamba osankhidwa kugamula mlanduwo, pa apolisi onse.

Koma musaganize kuti cholakwa chilichonse cha pamalo chimamasula munthu. Pa mlandu wa Oscar Pistorius, amene anawombera Reeva Steenkamp ku Pretoria pa 14 February 2013, wofufuza woyamba Hilton Botha anavomera kuti anayenda m'nyumbamo osavala zotchinga nsapato. Mu 2014 mkulu wa apolisi amene anali m'gulu la ofika koyamba anauza khoti kuti anapeza katswiri wa mfuti atagwira mfutiyo chimanjamanja, ndiponso kuti wotchi ina inasowa m'nyumbamo apolisi ali momwemo. Zonsezi zinali zochititsa manyazi, komabe woweruza Thokozile Masipa anamupeza wolakwa pa mlandu wopha mosasamala, ndipo mu December 2015 khoti la apilo linasintha chigamulo kukhala mlandu wakupha. Chifukwa chake n'chakuti Pistorius sankakana kuti ndiye anawombera. Mkangano unali pa zimene ankaganiza powombera, ndipo zidindo za zala pa mfuti sizikanayankha funso limenelo. Khoti limafunsa ngati cholakwacho chikukhudza mfundo imene mbali ziwiri zikukanganirana. A Nasibeko83, ngati woimbidwa mlandu wanu akukana kuti sanafike n'komwe m'nyumbamo, nkhani ya magolovesi ili ndi mphamvu. Ngati akuvomera kuti analimo koma akuti ankadziteteza, ndiye nkhani ya mpando ndi imene ili ndi mphamvu.

Nasibeko83
Akuti ankadziteteza. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake loya uja anakakamira pa mpando.

Namaseko
Ine ndakhala ndikutsatira mlandu wa Senzo Meyiwa, goloboyi wa timu ya dziko la South Africa amene anawomberedwa ku Vosloorus pa 26 October 2014. Mlandu unayamba kuzengedwa mu 2022, patapita zaka pafupifupi 8, ndipo mboni yoyamba ya boma inali wapolisi wotola umboni amene anafika panyumbapo patapita maola angapo. Masiku ambiri anathera pa funso lakuti analowa m'nyumbamo ndani iye asanafike, ndipo anakhudza chiyani. Paja amati mlandu suola, koma malo a chiwembu amaola mofulumira, ndipo anthu akachuluka pamakhala posadziwa woyang'anira, monga mbewa zikachuluka siziika masa.

WapolisiWopuma
Mwanena zoona, mayi. Ntchito yovuta kwambiri ya wapolisi wofika koyamba ndi kuletsa anthu, ndipo ovuta kuwaletsa si achibale okha ayi, ndi mabwana ako amene akufuna kuona ndi maso awo. Umayenera kumanga chingwe kutali kuposa pamene ukuganiza, chifukwa kuchepetsa malo otchingidwa n'kosavuta koma kuwakulitsa anthu atapondaponda kale n'kosatheka. Kenako umaima pakhomo ndi kabuku n'kulemba aliyense wolowa, nthawi yolowa, nthawi yotuluka ndi chimene wadzera.

Ndiulule cholakwa changa, mwina chithandiza wina. Ndili wachinyamata pantchito ndinafika koyamba m'chipinda mmene munali mtembo wa bambo wina. Munkatentha ndipo fungo la magazi linali loopsa, ndiye ndinatsegula zenera n'kuzimitsa chotenthetsera m'chipinda chimene chinali chiyakire. Sindinaone ngati ndachita kanthu, choncho m'kabuku sindinalembe. Dokotala anafika patapita maola atatu, anayeza kutentha kwa thupi ndi kwa chipinda, n'kuwerengera nthawi ya imfa potengera chipinda chozizira chimene ndinamukonzera ine. Kukhoti, woyandikana nyumba ananena kuti zeneralo linali lotseka m'mawa wonse, pamene zithunzi zinkaonetsa lotsegula. Loya anandifunsa maso ndi maso, ndipo ndinavomera. Woweruza anasiya kudalira nthawi ya imfa imene dokotala anapereka, chonsecho mlandu wonse unkadalira nthawiyo, chifukwa woganiziridwayo anali ndi mboni za kumene anali madzulo koma analibe za usiku. Anamasulidwa. Mpaka lero sindidziwa ngati anapha kapena ayi, ndipo mkazi wa malemu ndinalephera kumuyang'ana kumaso potuluka. Ndikanalemba mzere umodzi wokha wonena za zenera ndi nthawi, dokotala akanakonza mawerengedwe ake.

DokotalaWaMitembo
Zikomo, bambo, chifukwa chonena poyera chinthu cholemera chotero. Ndicho chifukwa chake ife timafunitsitsa kumva kwa amene anagwira thupi koyamba. Munthu akamwalira, thupi limazizira molingana ndi kutentha kwa malo, zovala ndi kukula kwa munthuyo. Limayamba kuuma patapita maola 2 mpaka 6, kuyambira kunsagwada ndi m'khosi, limaumiratu pafupifupi pa maola 12, kenako limafewanso pakatha tsiku limodzi ndi theka kapena masiku awiri. Magazi amatsikira kumbali imene yagonera pansi n'kusiya khungu lofiirira, ndipo pakapita maola 8 mpaka 12 mtunduwo susunthanso. Ndikapeza mtembo uli chagada koma mtunduwo uli pamimba, ndimadziwa kuti wina anautembenuza, ndipo funso limakhala lakuti anatembenuza ndi wakupha kapena wothandiza. Wa ambulansi akalemba kuti pa nthawi yakutiyakuti thupi linali lofunda ndipo nsagwada zinali zofewa, wandipatsa chinthu chimene sindingachipezenso ine ndikafika. Ngakhale nthiti zothyoka timafunsa, chifukwa kukankha pachifuwa pofuna kutsitsimutsa munthu kumathyola nthiti kawirikawiri, ndipo sitifuna kumuika woimbidwa mlandu bala limene sanapange.

Kamtsitsi
Masiku ano aliyense ali ndi foni. Bwanji wofika koyamba asamangojambula kanema asanakhudze chilichonse, nkhani n'kutha?

WaAmbulansi
Ngati munthu akupuma, manja anga sangapite ku foni. Ngati wamwalira kale ndipo palibe chochita, ndimatuluka njira imene ndinalowera n'kusiyira apolisi, ndipo iwo ndiwo ayenera kujambula ndi kamera ya ntchito. Zithunzi za m'mafoni a anthu zimathera pa Facebook banja lisanauzidwe, ndipo mboni zikaziona zimayamba kukumbukira chithunzi m'malo mwa zimene zinaona zokha.

WaLabotale
Kanema amathandiza, koma amaululanso zolakwa za ojambulawo. Pa mlandu wa Meredith Kercher, amene anaphedwa ku Perugia m'dziko la Italy mu November 2007, kachingwe kokolera chovala chake cham'kati kanajambulidwa masiku oyambirira koma kanatoledwa patapita masiku 46, katasuntha kale pamene kanali, ndipo kanema wa apolisi omwewo anaonetsa akukapatsirana m'manja. Pa kachingweko ndi pamene ankati panali DNA ya Raffaele Sollecito, mmodzi wa oimbidwa mlanduwo. Akatswiri osankhidwa ndi khoti mu 2011 ananena kuti umboniwo sunali wodalirika, ndipo mu March 2015 khoti lalikulu la Italy linamasuliratu Sollecito ndi mnzake pa mlanduwo, Amanda Knox.

Nasibeko83
Pali chinanso chimene chikundisowetsa tulo. Mayi wa ambulansi anauza khoti kuti mchimwene wanga asanakomoke analankhula mawu ochepa, ndipo loya anadzuka msangamsanga kutsutsa kuti asawanene. Woweruza anati adzagamula za nkhaniyi pambuyo pake. Angaletse bwanji mawu omaliza a munthu?

MlembiWaMalamulo
Choyamba, mayi, mawuwo musawalembe pano, ngakhale dzina lililonse, chifukwa mlandu ukadali m'khoti. Musakambiranenso ndi mayiyo mpaka atamasulidwa ngati mboni, ngakhale mtima ukufuna kuwathokoza, kuopa kuti loya anganene kuti banja linawauza zonena.

Lamulo lalikulu ndi lakuti mboni imanena zimene inaona ndi kumva yokha, ndipo mawu a munthu amene sangabwere kudzafunsidwa mafunso saloledwa mwachisawawa ngati umboni wakuti zimene ananenazo n'zoona. Komabe m'mayiko ambiri amene malamulo awo anachokera ku England muli mpata wa mawu a munthu amene akumwalira onena za chimene chamupha, komanso mawu otuluka mwadzidzidzi chinthu chikungochitika kumene, munthu asanapeze nthawi yopeka. Malire ake amasiyana dziko ndi dziko, n'chifukwa chake woweruza amayamba wamva mbali zonse. Adzafuna kudziwa ngati malemu anali ndi nzeru zake panthawiyo, ngati analankhula okha kapena wina anawatchulira dzina n'kuwafunsa kuti avomere, ndiponso ngati mayiyo analemba mawuwo momwe anatulukira pakamwa. Mawu olembedwa ndendende usiku womwewo amalemera kwambiri kuposa amene mboni yawakumbukira patapita miyezi.

ChilungamoBasi
Pa za mpando ndi zenera ndagonja. Koma sindinasinthe maganizo pa chinthu chimodzi: anthu amene amathamangira kumene ena akuthawa ayenera kukonzekeretsedwa asanalowe m'bokosi. Woimira boma akanawafotokozera mayi aja mtundu wa mafunso amene akubwera, sakanatuluka akudziona ngati olakwa.

WapolisiWopuma
Apo ndikugwirizana nanu kwathunthu. Kuuza mboni zonena n'koletsedwa, koma kuifotokozera momwe khoti limayendera n'kuikumbutsa kuti kuyankha kuti "sindikukumbukira" si mlandu, n'koyenera. Mboni zambiri zabwino zimagwa chifukwa chochita manyazi kunena mawu amenewa, ndiye zimangoganizira yankho, kenako chithunzi chimazitsutsa.

Nasibeko83
Ndabwerako kukhoti lero. Woimira boma anafunsanso mayi aja ndipo anapereka fomu imene analemba usiku womwewo. Analembapo kuti mpando anaupeza uli chigwere pafupi ndi khomo, ndipo iwo anangoukankhira kukhoma ndi phazi kuti machira adutse. Mawu a mchimwene wanga analinso pa fomupo, ndi nthawi yake. Woweruza sanagamulebe ngati awalandira. Atamasulidwa ngati mboni ndinakumana nawo pakhonde, ndinawagwira dzanja, koma mawu anandithawa. Sabata yamawa kukubwera dokotala amene anayeza mtembo, ndipo atiuza kuti kudzaonetsedwa zithunzi. Mayi athu akufuna kudzakhalapo. Kodi ndiwalole?

DokotalaWaMitembo
Asankhe okha, koma adziwiretu chimene chikubwera. Pemphani woimira boma kuti akuuzeni nthawi imene zithunzi ziyambe, ndipo funsani ngati zidzaonetsedwa poyera kapena zidzangoperekedwa kwa woweruza ndi maloya, chifukwa nthawi zambiri zimaperekedwa m'manja. Mawu a dokotala nawonso amapweteka, poti amatchula bala lililonse, kutalika kwake ndi kuzama kwake, ndipo angafunsidwe kuti munthuyo anakhala moyo nthawi yaitali bwanji atavulala. Mukhale nawo pampando wa pafupi ndi khomo kuti akafuna kutuluka atuluke mosavuta, ndipo pakhale wachibale wina panja wowalandira.